Wakuba Dothi wa kwa Nikhwayi

Sajenti Estele Namakhwa anali atagwira ntchito ya upolisi zaka makumi awiri ndi zitatu. Pa zaka zonsezo anasakapo mbuzi, njinga, mabelo a kaunjika, ngakhale belu la tchalitchi limene anakalipeza likulira pasukulu ina kutsidya kwa Muloza. Koma munthu wodzadandaula kuti amubera dothi anali asanamuonepo.

"Dothi lake liti, mwanawe?" anafunsa Sajentiyo. "Lomwe tikupondali?"

Mtsikana amene anakhala moyang'anana naye mu ofesi ya ku Mulanje Boma m'mawa wa Lolemba limenelo sanaseke. Dzina lake anali Joice Mwahara, wophunzira za miyala ndi madzi a pansi pa nthaka kuyunivesite. Anavala nsapato zazikulu zodzaza matope, ndipo maso ake ankachita kuonetsa kuti walira panjira.

"Tikukumba mjigo kwa Nikhwayi, kuseri kwa Likhubula," anatero. "Makina akatsika mita imodzi, ndimatapa dothi lotuluka pamenepo, n'kuika m'kajumbo, n'kulembapo nambala. Loweruka tinafika mamita makumi anayi. Lero ndapeza tijumbo tisanu palibe, kuyambira nambala 11 mpaka 15."

"Ndiye osangotapa lina?"

"Silingatapikenso, amayi. Dzenje linapitirira kale." Joice anapitiriza kufotokoza. "Chaka chatha m'mudzimo munafa ana anayi ndi kolera. Zitsime zawo n'zosaya, mvula ikagwa zimalandira za m'zimbudzi. Pa mamita amenewo pali dongo, ndipo dongo ndi limene limatchinga madzi oipa a pamwamba kuti asatsikire kwa abwino. Ndimafuna kuliyeza lero, ndione ngati ndi dongo lenileni kapena losakanikirana ndi mchenga, kuti tidziwe pothira simenti. Tikaphonya, mjigo watsopanowu udzangokhala msewu wa matenda omwe aja. Makina akuchoka Lachitatu."

Estele anatseka buku lake. Mtsikanayu ankalingana msinkhu ndi mwana wake wachiwiri, ndipo ankaluma mlomo wam'munsi chimodzimodzi.

"Pukuta m'masomo," anatero akuvala juzi. "Wakuba akakuona ukulira amanenepa. Galimoto uli nayo? Yathu ilibe matayala."

* * *

Chiperoni chinali chitaphimba phiri lonse mpaka m'munsi, ndipo kamvula kake kankawaza ngati ufa. Atafika kwa Nikhwayi anapeza anthu ali piringupiringu pafupi ndi makina okumbira. Amuna ena anali ndi makasu ndi mapiki, ndipo awiri anali atayamba kale kufukula m'mphepete mwa munda wa chinangwa.

"Akufuna chiyani awa?" anafunsa Estele.

"Golide," anayankha Joice motsitsa mawu. "Akuti zimene zabedwazo ndi golide, ndipo ife tikuwabisira."

Tijumbo tija tinkasungidwa m'golosale yakale imene inaleka kugwira ntchito. Loko wake anali bwinobwino, wosathyoka, wosakandika. Makiyi anali awiri: wina wa Joice, wina wa mwini nyumbayo, a Agostino, mkulu amene anabwera kuno kuthawa nkhondo ya ku Mozambique n'kukhazikika. M'katimo munali zigubu za dizilo, batire yatsopano, masipanala, zonse zili m'malo mwake. Tijumbo tinandanda pansi m'mizere, ndipo pamzere wachiwiri panali mpata ngati wa munthu woguluka mano.

Estele anagwada, mawondo akulira, n'kuyamba kuona kamodzikamodzi. Toyambirira tinali ta katondo wofiira. Kupitirira pampatapo mchenga unayamba, ndipo kuyambira nambala 22 unkanyezimira ngati athiramo tizidutswa ta malata.

"Izi zikuwalazi?"

"Ndi timiyala topanda ntchito. Mukatifikisa ndi chala timanyenyeka."

"Nanga zobedwazo zinkawala?"

"Ayi ndithu. Linali dongo loyera, losalala ngati sopo."

Potuluka, Estele anaima pakhomo. Pa chiundo cha chitseko panali nyenyeswa ya matope ouma yogwa kunsapato, ndipo m'matopemo munamatirira kaduwa kachikasu, kouma ngati pepala. Anakatola n'kukaika m'thumba la juzi.

* * *

Woyendetsa makina, Pilato, anali munthu wa mimba yaikulu ndi mawu aakulu. Estele anamupeza atakhala pamwamba pa mapaipi akudya nzimbe.

"Bwana, ine ndakumba mijigo kuyambira Nsanje mpaka Chitipa," anayamba asanafunsidwe. "Dothi ndimagona nalo m'makutu, ndimadzuka nalo m'mphuno. Ndikabe dothi ine? Ndikalitani, ndikaphike?"

"Dzulo munali kuti?"

"Pa Chitakale, kuonera mpira pa vidiyo, tonse anayi a pamakina. Kafunseni, amandidziwa. Ndi ine ndinkakuwa kwambiri."

"Za golidezi anayambitsa ndani?"

Pilato analavula zinyenyeswa za nzimbe, n'kuyang'ana kumbali. "Aaa, bwana, kunali kucheza chabe. Mchenga wowala uja utatuluka ndinati, 'Amangwetu, mwalemera!' Kungoti anthu akuno nthabwala sazimva."

"Pakamwa panu mpozama kuposa mjigo wanuwu. Pokumba pankabwera ndani tsiku ndi tsiku?"

"Mudzi wonse. Koma wokhalitsa ndi Claudia, mwana wa a Agostino, ndiye amatiphikira. Mayi waulemu, wosalankhulalankhula. Kungoti masiku ano mutu wake sukuyenda bwino. Lachisanu anaima pomwe madamuwa amayala dothi lawo, kuima ngati mtengo, mpaka nyemba zathu zinapserera."

"Ali pabanja?"

"Eya, kwa Danieli, wonyamula katundu wa alendo okwera phiri. Koma ameneyo musamuwerengere. Anakwera Loweruka ndi azungu atatu, akuti atsika lero."

Kuseri kwa makina kunamveka phokoso. Mwamuna wina wa chipewa chofiira ankaloza nyumba ya a Agostino, ya malata akuda, imene inali patsidya pa kamsewu.

"Kiyi ali ndi Mpwitikizi uja!" ankakuwa. "Anabwera ndi kamtolo pamutu, tinam'patsa malo, lero akutidyera chuma cha makolo athu! Atuluke!"

Estele anayenda mosafulumira n'kukaima pamaso pa mwamunayo.

"Agogo anu anabadwira kuti, bambo?"

Mwamunayo anaphethira. "Ku... ku Gurue."

"Anga ku Milanje, ku Mozambique komweko. Ndiye tiyeni tonse timange katundu, titsogozane." Anthu ena anaseka, koma makasu sanawatule. Estele anadziwa kuti kuseka kumeneko sikufika madzulo.

* * *

A Agostino anali atakhala pakhonde, atavala jekete lakuda lothetheka m'zigongono, manja ali pamawondo. Anali wamtali, wa imvi mbuu, ndipo khutu lawo lamanzere linali loduka nsonga.

"Moseliwa, bambo," anapereka moni Estele m'Chilomwe.

Mkuluyo anaimirira, n'kutambasula manja onse awiri ataphatikiza.

"Musavutike, amayi, sinyora. Ndine ndatenga."

Joice anagwira pakamwa. Estele anangokoka kampando n'kukhala.

"Khalani pansi, manjawo muwasunge. Mwatenga liti?"

"Dzulo. Anthu ali kutchalitchi."

"Inu simunapite?"

"Ndinapita. Ndinatuluka msanga. Pronto, basi."

"Munatengeranji?"

"Golide. Umphawi, sinyora."

"Zinali zooneka bwanji zimene munatengazo?"

A Agostino anayang'ana padenga la khonde. "Zowala. Zonyezimira kwambiri, ngati nyenyezi."

"Ndiye zili kuti?"

"Ndinachita mantha. Ndataya mumtsinje."

Estele anawayang'anitsitsa. Pa ntchito yake anaonapo anthu ambiri onama, ndipo ambiri ankanama kuti atuluke m'chitokosi. Onama kuti alowemo anali ochepa, ndipo onsewo ankakhala ndi nkhope ngati imeneyi, youma ngati ya munthu wonyamula maliro.

"Kiyi mumasunga pati?"

"Pamsomali, kuseri kwa chitseko."

"Amadziwa ndani?"

"Ine ndekha." Anayankha msanga kwambiri.

Estele anawapempha kuti akakhale m'golosale muja, chitseko chili chotseka, kuti anthu aone ngati wawamanga ndipo asawakhudze. Kenako anapita kuseri kwa nyumba, natulutsa kaduwa kaja. Iye anakulira m'tsinde mwa phiri lomweli, ndipo ali mtsikana ankakwera kukatola nkhuni. Maluwa amenewo kumunsi kuno samera. Amamera pamwamba, m'madambo ozizira a ku Chambe.

Anaimba foni kwa mnzake wa ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, kumene alendo ndi owanyamulira katundu amalembetsa pokwera ndi potsika.

"Azungu atatu a Loweruka aja?" anatero mnzakeyo. "Anatsika dzulo m'mawa, cha m'ma naini. Chiperoni chinawabweza, mmodzi ankangolira kuzizidwa. Danieli anasaina yekha, ndikuona dzanja lake pano."

* * *

Nyumba ya Danieli inali kumapeto kwa mudzi, pakati pa nthochi ndi mapeyala. Estele ndi Joice anadzera njira yakuseri. Asanafike ndi pabwalo pomwe, Estele anaima n'kununkhiza.

Linali fungo la mvula yoyamba ikagwa pa nthaka youma ya mwezi wa Novembala. Koma uwu unali Julaye, ndipo fungolo linkachokera kukhitchini.

Malovu anadzaza m'kamwa mwake asanaganize n'komwe. Zaka makumi awiri zapitazo, ali ndi pakati pa mwana wake wachitatu, ankadzuka kukapala khoma la khitchini ya kupolisi ndi supuni, mpaka mwamuna wake anayamba kudandaula kuti nyumba yalowa chiswe. Anaseka chamumtima.

"Odi kuno!"

M'khitchinimo munamveka kugwa kwa chivundikiro. Mayi wachitsikana anatuluka akupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Anali atamanga chitenjecho m'mwamba, pamwamba pake atavala juzi lalikulu lachimuna. Kumbuyo kwake, pambaula, panali phale, ndipo paphalepo timibulu toyera tinkauma ndi moto.

"Ndinu a Claudia?"

"Eee." Mawu ake anali ngati a mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

Estele anamugwira dzanja n'kulitembenuza. Chikhatho chinali choyera ngati cha munthu wochapa tsiku lonse. Anamutsitsa chikope cham'munsi ndi chala: namonso munali mbee.

"Miyezi ingati, mwana wanga?"

Claudia anayang'ana pansi. Misozi inadontha pa juzi lija.

"Isanu," ananong'ona. "Chonde musauze munthu. Mimba zitatu zinapita padera, zonse zisanakwane miyezi itatu. Nthawi zonse ndikangouza anthu, basi. Ndiye ino tinati tikhale chete. Ngakhale ababa sakudziwa."

Chitseko cha nyumba chinatseguka, ndipo panatuluka mwamuna wamfupi, wa mapewa otambalala ndi akatumba ngati mizu ya mkuyu. Anafika n'kugwada m'matope momwemo.

"Bwana, mkaziyu alibe mlandu. Ndine."

"Lero aliyense akuti ndine," anatero Estele. "Dzukani, a Danieli, muwononga thalauza. Fotokozani."

Danieli sanadzuke. Ankalankhula modukizadukiza, ngati akukwera chitunda ndi katundu.

"Chakudya chikumukana. Nyama ayi. Mazira ayi. Lachisanu anabwera akunjenjemera. Akuti dongo latuluka pamjigo, fungo lake likumuitana. Sanagone. Ndinakamutengera la pachulu, analavula. La kumsika, analavula. Ndili kuphiri ndinkangomuona m'maso. Titatsika ndinapeza apongozi ali kutchalitchi. Ndinatenga kiyi." Anapukuta kumaso. "Ndinati ndi dothi basi. Dziko lonseli ndi dothi. Sindinadziwe kuti lili ndi nambala ya ntchito. Lero m'mawa nditamva za golide, ndinaopa kudziulula."

"Mukudziwa kuti apongozi anu avomera mlanduwu?"

Danieli anadzutsa mutu. Claudia analira mokweza, "Ababa!"

Joice anali atalowa kale m'khitchini. Anatuluka ndi tijumbo tinayi tosatsegula ndi kamodzi kotsala theka, koma nkhope yake sinali ya munthu wopeza chotayika.

"Mwadya lochuluka bwanji?" anafunsa. "Achemwali, ndiuzeni zoona. Pokumba timathira mankhwala a thovu m'dzenjemo, komanso makina amadontha oyilo. Dothi limeneli si lodya ayi."

"Timibulu tinayi dzulo," anatero Claudia. "Lero tiwiri."

"Tiyeni kuchipatala cha ku Mission pompano," anatero Joice. "Galimoto ilipo."

Danieli anathamangira m'nyumba kukatenga nsapato za mkazi wake. Podikira, Joice anatapa dongo pang'ono m'kajumbo kalikonse, nalinyowetsa ndi madzi a mumtsuko, n'kulipota m'manja mpaka linatalika ngati kanjoka. Analipinda kukhala mphete. Silinang'aluke. Anachita choncho kasanu, ndipo kasanu konse mpheteyo inagwira.

"Ndi lenileni," anatero, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Mamita asanu a dongo lokhalokha. Madzi oipa sangadutse pamenepa. Simenti tithira mawa."

"Nanga mlandu?" anafunsa Estele. "Wodandaula ndiwe."

Joice anayang'ana Danieli, amene anali atagwada kachiwiri, ulendo uno akumuveka mkazi wake nsapato.

"Mlandu wanji, amayi? Katundu wanga ndamupeza."

* * *

Galimoto itapita, Estele anabwerera kumakina yekha. Anatulutsa kajumbo ka nambala 25 m'golosale, naitana mwamuna wa chipewa chofiira uja kuti atambasule dzanja pamaso pa anthu onse. Anamuthira mchenga wowala uja.

"Fikisani ndi chala."

Mwamunayo anafikisa. Zowalazo zinanyenyeka n'kusanduka fumbi lomatirira pakhungu.

"Golide wanu ndi ameneyo. A Pilato, bwerani muwauze anthuwa zimene munandiuza ine."

Pilato anavula kapusi n'kupepesa, ndipo kupepesa kwake kunatenga nthawi yaitali moti anthu ena anayamba kuchoka asanamalize. Estele analengeza kuti zotayika zapezeka, kuti linali dongo wamba, ndipo kuti a Agostino sanakhudzepo ngakhale kambewu kamodzi.

"Nanga anatenga ndani?" anafunsa mayi wina.

"Amene anatenga wabweza, ndipo mwiniwake wakhululuka. Inu kakwirireni maenje mwakumba m'munda mwa eniakewo, musanathyole miyendo ya ana."

Dzuwa linali litapendeka pamene foni yake inalira. Anali Joice. Estele anamvetsera, n'kufunsa mafunso awiri, n'kupempha kuti amupatse Claudia. Analankhula naye pang'ono motsitsa mawu. Atamva yankho lake, anatsegula chitseko cha golosale.

A Agostino anali atakhala pachigubu cha dizilo. Pambali pawo panali kamtolo: bulangete lopindidwa bwino, kapu yapulasitiki ndi korona. Anali atatuma mnansi kukawatengera.

"Ndakonzeka, sinyora."

Estele anakhala pachigubu china moyang'anana nawo.

"Bambo, kunama simutha. Zobedwazo sizinkawala, ndipo mumtsinje simunataye kanthu. Munamuona Danieli."

Mkuluyo anagwetsa mapewa.

"Ndinkachokera ku Misa. Ndinamuona akubweza kiyi pamsomali, jumbo ili m'khwapa. Iye sanandione." Anasisita khutu lawo loduka lija. "Mnyamata ameneyu si wakuba. Sindikudziwa chamulowa. Koma Claudia ndi yekhayo wanditsalira. Amayi ake ndinawaika panjira, tisanawoloke malire, iye ali wakhanda kumsana kwanga. Waona zowawa zambiri pabanja pake, ndipo mwamunayu sanamusiye, pamene abale ake ankamuuza kuti akwatire wina wobereka. Ndiye apite kundende iyeyo? Ine ndakalamba. Kugona pansi ndinazolowera."

"Kundende sikupita munthu."

"Nanga golide?"

"Kulibe golide. Danieli anatenga dongo. Dongo loyera, lakudya." Ataona kuti mkuluyo sanamvetse, Estele anapitiriza. "Bambo, inu munakhalapo ndi mkazi. Ndi munthu wotani amene amalirira dothi mpaka kukana nyama?"

A Agostino anadzidzimuka.

"Nkhani zotere mwana wamkazi sauza bambo ake," anapitiriza Estele. "Amayi ake kulibe, ndiye wandituma ine. Ali ku Mission. Anamwino amuyeza. Dongolo silinamupweteke, koma magazi ndi ochepa, ndiye amugoneka masiku awiri ndipo am'patsa mankhwala. Mtima wa mwana aumva. Akuti ukugunda ngati ng'oma ya tchopa."

"Miyezi ingati?" anafunsa mkuluyo.

"Isanu."

"Isanu," anabwereza mkuluyo. Anawerenga pa zala, kuyambira chaching'ono. Atafika pa chachitatu anaima kanthawi, kenako anapitirira, chachinayi, chachisanu, n'kufumbata dzanja lonse. Misozi inatsika m'makwinya a nkhope yawo ndipo sanaipukute.

Kenako anaimirira msangamsanga ngati mnyamata. Anamasula kamtolo kaja, kapu anaiika pawindo, korona m'thumba la jekete, bulangete n'kulikolekera paphewa.

"Mukupita kuti?" anafunsa Estele.

"Ku Mission kumazizira, sinyora. Mwana uja sachedwa kumva mphepo." Anafika pakhomo n'kutembenuka. "Nanga chitsiru chija, mkamwini wanga, chadya kanthu chitsikire kuphiri?"

"Sindikudziwa."

"Sichinadye. Ndikuchidziwa ine." Anapapasa m'matumba, n'kutulutsa kiyi wa golosale, n'kumuika m'dzanja la Estele. "Tsekani ndinu. Ine ndikagule mabanzi minibasi isanandisiye."